Thandizeni: mwana wandifunsa ngati ife ndife Ayuda a kuno, ndimuyankhe chiyani?

Moni nonse apagulu pano. Ndine mayi wa ku Dedza, ndili ku Joni zaka 11 tsopano. Kumudzi ndinkaphunzitsa mbiri ku sekondale, ndipo chaka chino ndapeza ntchito pamalo ena osungirako mbiri ya Holocaust, kuphedwa kwa Ayuda 6 miliyoni m'manja mwa chipani cha Nazi cha Hitler ku Germany. Ntchito yanga ndi kulemba timabuku, mafunso ndi zochita za ana asukulu akabwera kudzaona. Kuno nkhaniyi amaiphunzira mu Grade 9, ndiye mabasi a ana sasowa pakhomo.

Andipempha kuti ndikonze phunziro la Loweruka la ana a anthu obwera, azaka 13 mpaka 16. Ambiri ndi athu a ku Malawi, ena a ku Zimbabwe ndi ku Congo. Ndinaliyesa sabata yatha ndi ana 14. Sindinayambe ndi misasa yophera anthu ayi. Ndinayamba ndi 1935, pamene malamulo a ku Nuremberg analanda Ayuda unzika wa dziko limene anabadwiramo ndi kuwaletsa kukwatirana ndi Ajeremani anzawo. Kenako usiku wa pa 9 Novembala 1938, pamene anaphwanya mashopu awo ndi kutentha masunagoge apolisi akungoyang'ana. Nditangofika pa mashopupo, mtsikana wina anakweza dzanja nati: "Aunt, ndiye kuti ife ndife Ayuda a kuno?"

Ndinasowa chonena. Pa ntchito yathuyi timaphunzitsidwa kuti tisamaike masautso pa sikelo, ndipo ndikugwirizana nazo. Kuja linali boma lenileni limene linakonza zoti mtundu wonse uthe, ndi sitima, ndi kaundula, ndi nyumba za mpweya wakupha. Ana okha analipo pafupifupi 1.5 miliyoni. Koma mwanayu amayi ake anathawa chiwawa cha ku Durban mu 2015, chija boma lathu linatumiza mabasi kudzatenga anthu. Mawu oti kwerekwere, onyozera anthu obwera, amawamva tsiku ndi tsiku pa takisi. Ndikamuuza kuti "ayi, zako ndi zina", ndamutsekera pakamwa. Ndikati "eya", ndamunamiza, ndiponso ndamuopseza.

Chimene chikundisowetsa tulo kwambiri ndi chachiwiri ichi. Titafika pa za ku Rwanda, 1994, pamene anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku 100, ndinafotokoza kuti wailesi ya RTLM inkatchula Atutsi kuti inyenzi, kutanthauza mphemvu. Mnyamata wina, wathu yemwe, anati: "Si Maburundi aja amatilanda bizinesi ku Lilongwe?" Anzake anaseka. Pambali pake panakhala mwana wa ku Congo. Ndiye ana omwewo amene amadziona ngati ozunzidwa kuno, akanena za kwathu amatulutsa mawu omwe aja amawalasa iwo. Kodi ndizilowetse za kwathu m'phunziroli, kapena ndingokhala pa mbiri ya ku Ulaya, ana azilumikiza okha? Makolo, mungakondwe mwana wanu atabwera kunyumba ndi mafunso otere?

Bambo wa ku Mchinji:
Mwana wanga, ine ndine wa Mboni za Yehova, zaka 71. Kwa Hitler abale athu ankawasokerera kansalu kofiirira ka makona atatu pa malaya m'misasa ija. Kuno ku Malawi anatiletsa mu 1967 chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Mu 1972 ife tinathawira ku Sinda Misale ku Zambia, nyumba yathu itatenthedwa ndi anyamata amene tinkasewera nawo mpira. Chiletso chinachoka mu 1993. Koma mverani bwino: wa Mboni ku Germany ankatha kusayina pepala lokana chikhulupiriro chake n'kutuluka, ngakhale ambiri sanasayine. Myuda analibe pepala. Ngakhale wobatizidwa m'tchalitchi ankamupha chifukwa cha agogo ake. Muwauze anawo zonse ziwiri. Kusiyana kwake akumva, si makanda amenewo.

Wolemba funso:
Zikomo kwambiri bambo. Za pepalazo ndinaziwerenga, koma sindinaganizepo kuti ndi njira yoyankhira mwana uja. Kodi mungalole ndigwiritse ntchito mawu anuwa osatchula dzina?

Bambo wa ku Mchinji:
Tengani. Mungosiya kutchula mudzi.

Membala wina:
Pepani achemwali, koma ine sindikumvetsa. Bwanji tikuvutika ndi maliro a azungu pamene athu sitinawalire? Ana athu sadziwa n'komwe zimene Ajeremani omwewo anachita ku Namibia.

Wolemba funso:
Achimwene, funso lanu ndi lomveka, ndipo zimenezo zilimo m'phunziro langa. Kuyambira 1904 mpaka 1908 asilikali a Germany anapha Aherero ndi Anama zikwizikwi, ena powathamangitsira m'chipululu kuti afe ndi ludzu, ena m'misasa ngati ya pa Shark Island. Mkulu wa asilikaliwo, Lothar von Trotha, analamula poyera mu Okutobala 1904 kuti Aherero aphedwe. Germany inadzavomera kuti kunali kupulula mtundu mu 2021. Koma mawu oti maliro a azunguwo ndiwakana. A Nazi sankawawerengera Ayuda ngati anzawo a mtundu umodzi, ndipo maganizo oika anthu pa makwerero aja ife anatiika pansi penipeni. Pamaliro sitifunsa khungu la womwalira.

Katekisiti wa ku Zomba:
Mayi, samalani ndi liwu loti Ayuda. Mwana wa Chichewa amayamba kulimva m'tchalitchi, makamaka pa Lachisanu Loyera, ndipo ena amalisokoneza ndi Yudasi. Ndamvapo akuluakulu akuti chinali chilango chifukwa anapha Yesu. Mpingo wa Katolika unakana chiphunzitso chimenecho mu 1965 pa msonkhano wa Vatican II, koma kumidzi sichinathe. Musanatchule Hitler, afunseni anawo zimene akudziwa za Ayuda. Mudzadabwa. Muwakumbutsenso kuti Yesu, amayi ake ndi atumwi onse anali Ayuda.

Mayi wa ku Machinga:
Ine mwana wanga ndi wachialubino. Kuyambira 2014 pamene anayamba kupha ndi kufukula manda, amagona kuchipinda kwanga mpaka lero, ali ndi zaka 15. Asanayambe kupha anayamba ndi mayina. Pamsika ankamukuwiza kuti "ndalama zikuyenda", anthu n'kumaseka ngati nthabwala. Ndiye za kwathu zilowemo ndithu, koma mulowe nazo pa mayinawo. Mnyamata uja musamuchititse manyazi pagulu, angoumitsa mtima. Mufunseni amene anamuphunzitsa liwulo, ndipo mudzapeza kuti ndi ife makolo. Chinanso, zithunzi za mitembo musawaonetse. Wanga anaona chithunzi chotero pa WhatsApp, anatha mwezi osadya bwino.

Wolemba funso:
Amayi, mwandiliza. Za zithunzi musadandaule, timagwiritsa ntchito za anthu ali moyo: ukwati, ana ali pasukulu, banja lili pakhomo. Mwana ayambe wadziwa kuti amene anatayikayo anali munthu wa dzina lake. Mwandikumbutsanso kuti a Nazi anayamba kupha ndi mpweya anthu olumala ndi odwala misala m'zipatala zawo zomwe, oposa 70,000 pofika Ogasiti 1941, ndipo ena mwa ogwira ntchitoyo anadzawatumiza ku misasa yophera Ayuda ngati Treblinka. Gawo limeneli ndinalidumpha poopa kutalikitsa. Ndilibwezeretsa.

Mphunzitsi wa ku Dowa:
Ine ndimaphunzitsa pafupi ndi Dzaleka. Msasa wa othawa kwawowu unatsegulidwa mu 1994 pamalo pamene kale panali ndende ya andale, ndipo anthu amangoti onse ndi Maburundi, kaya ndi wa ku Rwanda, kaya wa ku Congo. Mu 2023 boma litawasesa m'matauni kuwabwezera kumsasa, ana ena m'kalasi mwanga anaomba m'manja. Chimene chinandithandiza ine ndi kuwalembetsa aliyense payekha, osalemba dzina, mawu amene anatchulidwapo ndi mawu amene iye anatchulapo mnzake. Mapepala awiri. Lachiwiri limachedwa kudzadza, koma limadzadza.

Wolemba funso:
Aphunzitsi, mapepala awiriwo ndiwayesa Loweruka likudzali. Mnyamata uja ndikambirana naye patokha tisanayambe, ndipo ndiyamba ndapepesa kwa mwana wa ku Congo uja chifukwa tsiku lija ndinangopitiriza phunziro ngati sindinamve. Za mtsikana uja, ndalemba chonchi: "Ayi mwanangu, zimene zinachitikira Ayuda ndi zawo, ndipo boma la kuno silinakonze zotipha. Koma mantha akowo ndi enieni, ndipo wachita bwino kuzindikira poyambira pake." Makolo amene muli kuno ku Joni, makamaka inu amene munaona chiwawa chochitira anthu obwera ku Alexandra mu 2008, kodi mawu amenewa akukwana kwa mwana wa zaka 14? Ndikupereka kabukuka Lachinayi m'mawa.