Kodi zaluso zimasunga munda, kapena zimangoukongoletsa?

Wosemasema

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ine ndimadya za sompho ndi tchizulo, ndipo masiku ano ndikuwerenga za minda yamakedzana imene FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, limailemba m'kaundula wake kudzera m'ndondomeko yomwe linayambitsa mu 2002. Imene yandisowetsa tulo ndi ya ku Ifugao, ku Philippines. Kumeneko mpunga amaulima m'minda ya masitepe yokwera phiri lonse, ndipo madzi ake amachokera m'nkhalango za mabanja zotchedwa muyong, zomwe zili pamwamba pa mindayo. Anthu ake amasema bulul, tiziboliboli tolondera nkhokwe ya mpunga. Alendo atayamba kukonda tiziboliboli timeneti, osema anachuluka, mitengo n'kumagwa. Ndiye taonani: wosema akugwetsa mtengo womwe umasunga madzi a munda, kuti agulitse chiboliboli cholondera mpunga wa m'munda womwewo! Mu 2001 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika mindayi pa mndandanda wa malo omwe ali pangozi, n'kudzaichotsapo mu 2012. Sindikunena kuti olakwa ndi osema okha, poti achinyamata ambiri anathawiranso m'tauni makoma a minda n'kumagumuka. Koma manyazi andigwira ndithu. Alipo malo amene anthu aluso anathandiza mlimi kukhalabe pamunda?

NaPhiri wa Utoto

Alipo achimwene, musataye sompho msanga. Ku Echigo-Tsumari, m'chigawo cha Niigata ku Japan, kumagwa chipale chofewa chokwirira nyumba, ndipo m'midzi munatsala okalamba okhaokha. Kuyambira mu 2000 kumachitika chionetsero cha zaluso pa zaka zitatu zilizonse, osati m'holo ayi, koma m'minda, m'nyumba zosiyidwa ndi m'masukulu otsekedwa.

Chimene chimandikhudza ine ndi ntchito ya Ilya ndi Emilia Kabakov ku Matsudai. Anaimika zithunzi zikuluzikulu za alimi, zina zabuluu zina zachikasu, m'minda ya masitepe: uyu akulima, uyu akuwokera, uyu akukolola. Ukaima tsidya lina la mtsinje, mawu amene anawapachika m'malere amagwera pamwamba pa mindayo ngati tsamba la buku. Mwini munda anali mkulu wotopa, wafuna kale kusiya kulima, ndipo poyamba sanafune n'komwe kumva za alendowa. Atavomera, anapitiriza kulima zaka zina zingapo, chifukwa zithunzizo pa thengo sizikanakhala kanthu. Pambuyo pake panabwera dongosolo loti anthu a m'tauni azisonkha ndalama, azibwera kudzawokera ndi kudzakolola, n'kumalandira gawo la mpunga. Kulinso timu ya mpira ya amayi, FC Echigo-Tsumari, yomwe osewera ake amalima minda yomweyo.

Chidzukulu cha Mlimi

Mayi, nkhani yanu ndi yokoma, koma ine ndikana pang'ono. Dziko la Japan lili ndi ndalama, sitima ndi misewu yofikitsa alendo pamunda penipeni. Chotsani zimenezo muone ngati chithunzi chabuluu chingadzutse khoma logumuka. Nanga mlimi akamalima kuti chithunzi chioneke bwino, munda ndi wake kapena wasanduka siteji? Ku Inakadate, ku Japan komweko, kuyambira 1993 amabzala mitundu ya mpunga ya masamba osiyanasiyana kuti munda wonse ukhale chithunzi, anthu n'kumakwera pansanja kukaona. N'zochititsa kaso, sindikana. Koma pamenepo cholinga si mpunga, ndi alendo.

Wosemasema

Apo mwandilasa, bambo. Funso la siteji ndi lomwe limandiluma. Komabe mwandikumbutsa china cha ku Ifugao komwe chomwe ndinachidumpha. Kuli hudhud, ndakatulo zazitali zoimba molandizana, zomwe amayi achikulire amatsogolera pa nthawi yopalira ndi yokolola, komanso pamaliro. UNESCO inazilemekeza mu 2001, chaka chomwe mindayo inalowa pa mndandanda wa ngozi. Luso limeneli silinabwere ndi munthu wakunja. Linabadwira mu ntchito, kuti msana usamve kuwawa pokolola ngala imodziimodzi ndi kampeni. Kukolola kwa pamanja kukatha, woimba aimbira ndani? Tsono mwina ndinafunsa chagada. Nthawi zina munda ndi umene umasunga luso.

NaPhiri wa Utoto

Eya, koma zimayenda mbali zonse ziwiri. Mwana amene waphunzira hudhud kusukulu adzafuna kudziwa chimene mawuwo akutchula, ndipo kuti achidziwe ayenera kutsikira m'matope.

Inu achimwene, poti ndinu wosema, werenganinso za a Konso ku Ethiopia. Minda yawo ya masitepe ndi ya makoma a miyala, ndipo inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2011. Amasema waka, ziboliboli zamtengo zoimika pokumbukira munthu wotchuka amene wamwalira. Zambiri zinabedwa n'kugulitsidwa kunja, mpaka zina anachita kuzisonkhanitsa m'nyumba yosungiramo zakale kuti zipulumuke. Musanaseme chilichonse chokhudza munda wa eni, kakhaleni nawo nyengo imodzi yathunthu, muwafunse mtengo umene sadula, komanso amene adzasunge ndalama chibolibolicho chikagulidwa.