Abale, kodi nthanda ndi nyenyezi iti kwenikweni?

Mwana wa ku Chilomoni: Agogo anga ankakonda kutidzutsa kuti "dzukani nthanda yatuluka kale", ine ndinakula ndikudziwa kuti nthanda ndi nyenyezi yowala ija ya mbandakucha, kuno imatulukira cha uko kuphiri la Ndirande. Ndiye dzulo magetsi atathima tinakhala panja, mwana wanga wa Fomu 3 akuti adadi imene ija si nyenyezi ndi pulaneti. Tinatsutsana mpaka nsima kuzizira kkkk. Akuluakulu tandithandizeni, mawuwa amatanthauza chani?

Nachisale: Achimwene mwanayo akunena zoona, ndi Venus. Kwathu ikaoneka madzulo pafupi ndi mwezi timati mkazi wa mwezi, ineyo ndadziwa ndili wamkulu kale kuti ndi imodzimodzi yomweyo.

Mphunzitsi wopuma, Bangwe: Nachisale walasa. Venus ilibe moto wake, imangobweza kuwala kwa dzuwa ngati malata atsopano masana, komanso ili pafupi nafe ndiye imaphimba zinzake zonse. Ndipo simudzaiona pakati pa usiku pamutu, imayenda moyandikana ndi dzuwa, miyezi ingapo m'mawa kenako kusowa kenako madzulo cha ku Michiru, kuzungulira konseko masiku 584.

Pali sikelo yoyezera kuwala kwa nyenyezi yotchedwa magnitude, koma njosokoneza chifukwa nambala ikamachepa mpamene chinthu chikuwala kwambiri. Agiriki akale anati zowala zedi ndi 1, zongooneka movutikira ndi 6, ndiye katswiri wina wa zakuthambo dzina lake Pogson mu 1856 anadzakonza kuti kusiyana kwa masitepe 5 ndi kuwala ka 100. Sirius, imene imaposa nyenyezi zenizeni zonse usiku, ili pa -1.46, pomwe nthanda yathuyi imadutsa -4.

Mwana wa ku Chilomoni: Aphunzitsi ndiye kuti Sirius ndi yamphamvu kuposa zonse eti?

Mphunzitsi wopuma, Bangwe: Ayi mwanawe, kandulo ya m'nyumba mwako imakuwalira kuposa magetsi a ku Limbe ukamawaona uli paphiri la Soche. Sirius imaposa dzuwa ka 25 koma kuwala kwake kumangoyenda zaka 8.6 kufika kuno. Canopus, yachiwiri kwa Sirius pa kuwala, ija ya kum'mwera, imaposa dzuwa ka 10,000 ndi kupitirira, kungoti ili kutali zaka zoposa 300. Chomwe maso akuona ndi china, mphamvu yake ndi inanso.

Dalaivala wa Machinjiri: Ine minibasi ndimailiza 4 koloko daily, pali miyezi ina nthandayo kulibiletu koma makondakitala amaloza iliyonse yowala nkumati ndi imeneyo. Nde mwina agogowo dzinali ankangopatsa iliyonse yowadzutsa kupita kumunda?

Nachisale: Mwina ndithu, nanga akanakhala ndi telesikopu yoti asiyanitse ndi Jupiter, pulaneti ina yowalanso? Ndikawafunse amayi Loweruka, iwo mawu akalewa amawasunga.