Ndinyamule Ndalama Zingati Popita Kukagwira Ntchito ku Britain?

Nambewe (Lilongwe): Ndikupereka moni kwa akuluakulu nonse a pagulu pano. Ndine namwino, ndipo ndalembedwa ntchito pachipatala china cha boma m'chigawo chapakati cha England. Visa yatuluka kale, ndipo ndinyamuka kumapeto kwa mwezi wa mawa. Kalata yanga ikunena kuti ndikadzakhoza mayeso a OSCE, oyesa luso la unamwino pochita ntchito, ndi kulembetsedwa ku NMC, bungwe lolembetsa anamwino ku Britain, malipiro anga adzakhala £31,049 pachaka. Abale atawerengera ndalamayi m'makwacha, aliyense wayamba kale kunditula nkhawa zake, wina za fizi, wina za feteleza, wina za malata a nyumba ya amayi. Ndikupempha inu amene munatsogola mundiuze zoona zake: kodi ndi ndalama zingati zimene zimatsala m'manja mwezi ukatha, nanga ndinyamule zingati kuti ndisavutike masiku oyamba?

Naphiri (Leicester): Takulandirani achemwali, ndipo mwachita bwino kufunsa musanakwere ndege. Ndalama imene yalembedwa pakalatayo si imene idzalowe kubanki kwanu. Kuno, £12,570 yoyamba imene munthu wapeza pachaka sadulapo msonkho, koma pa yotsalayo amachotsapo 20 pa 100 iliyonse, kenako amachotsanso 8 pa 100 ya National Insurance, imene ndi ndalama ina yopita kuboma. Mukawerengera pa £31,049 mupeza kuti pamwezi pakutsala ndalama yoposa pang'ono £2,150, ndipo apo penshoni isanachotsedwe. Penshoni ya NHS, bungwe loyendetsa zipatala za boma kuno, imadula ndalama yooneka ndithu, moti ena amafuna kutulukamo, koma ine sindikulangizani kutero, chifukwa abwana nawonso amathirapo gawo lalikulu limene mungalitaye mukatuluka.

Chachiwiri, malipiro amenewo ndi a namwino wolembetsedwa. Musanakhoze OSCE mudzalandira malipiro otsikirapo, ndiye funsani tsopano, kudzera m'kalata, kuti adzakhala angati, komanso ngati £794 ya mayesowo alipira ndi iwo kapena adzakudulani pang'onopang'ono. Funsaninso tsiku limene amatseka kaundula wa malipiro. Ine ndinafika tsikulo litangodutsa, ndipo ndinakhala milungu isanu ndi umodzi ndisanaone ndalama yanga yoyamba. Pepala la malipiro likabwera, yang'anani tax code yanu, nambala yosonyeza mmene akukudulirani msonkho. Ya anthu ambiri ndi 1257L, ndipo mukaona BR kapena 0T, dziwani kuti akhoza kukhala akukudulani msonkho wopitirira, imbirani a HMRC, bungwe lotolera misonkho kuno, akonze, ndalamayo imabwezedwa.

A Chisale (Manchester): Mayi Nambewe, zimene anena a Naphiri ndi zoona, koma chimene chimameza ndalama kwambiri ndi nyumba. Zipatala zambiri zimapereka chipinda kwa mwezi umodzi kapena itatu, ndipo nthawi imeneyi imatha munthu akadali wosokonezeka ndi mayeso. Yambani kufunafuna pokhala sabata yoyamba yomweyo.

Ku England, lamulo la 2019 limati mwini nyumba asapitirire lendi ya milungu isanu pa dipoziti, ndipo ndalama yosungitsira nyumba pamene akufufuza mbiri yanu isapitirire lendi ya sabata imodzi. Ngati mwachita lendi nyumba yanuyanu, kapena chipinda m'nyumba imene mwini wake sakhalamo, dipoziti iyenera kuikidwa kubungwe lovomerezeka losunga madipoziti pasanathe masiku 30, ndipo akupatseni umboni wake. Choncho chipinda cha £600 pamwezi chimafuna pafupifupi £1,300 tsiku lolowa, kuphatikiza lendi ya mwezi woyamba. Vuto la ife obwera kumene ndi lakuti sitikhala ndi mbiri ya ngongole kuno, ndiye eni nyumba amafuna munthu wotiyimira amene angalipire tikalephera. Ine mu 2022 ndinalibe munthu wotero, ndipo chimene chinandipulumutsa ndi kalata ya kuntchito yotsimikiza malipiro anga. Muipemphe kalata imeneyi mutangofika.

Musatumize ndalama ya nyumba imene simunalowemo ndi mapazi anu. Mnzanga wina wa kwathu anatumiza dipoziti ali ku Blantyre ataona zithunzi pa Facebook, koma atafika anapeza kuti pa adiresiyo pakukhala banja lina limene silikudziwa chilichonse. Tsiku lolowa, jambulani makoma, kapeti, chitofu ndi manambala a pamita ya magetsi ndi gasi, chifukwa zithunzi zimenezo ndi zimene zidzakubwezereni dipoziti potuluka.

Nangondo (Glasgow): Ndiwonjezereko za msonkho wa khonsolo, umene kuno timangoti council tax, chifukwa kwathu wochita lendi saudziwa. Kuno amalipira ndi wokhala m'nyumba, ndipo kuchuluka kwake kumatengera gulu limene nyumbayo inaikidwamo, kuyambira A mpaka H. Ambiri amalipira miyezi khumi, kuyambira April mpaka January, koma mukhoza kupempha kuti augawe miyezi 12. Ngati mukukhala nokha amakuchotserani 25 pa 100, koma muyenera kupempha nokha, sachita kukufunsani. Choncho akakuuzani mtengo wa chipinda, funsani mwachindunji ngati msonkho umenewu, madzi, magetsi, gasi ndi intaneti zili momwemo. Chipinda cha £650 chimene zonse zili momwemo nthawi zambiri chimatchipa kuposa cha £520 chopanda kanthu.

Ndikhalitsepo pang'ono pa nkhani ya kutenthetsa m'nyumba, chifukwa ndi imene inandiliza chaka choyamba. Ndinkaganiza kuti poti ndinakulira ku Dedza, kuzizira ndikukudziwa. Kuzizira kwa kuno kumayamba October mpaka March, dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana mu December, ndipo zovala siziuma panja. Ndinagula kachipangizo kamagetsi kotenthetsera chipinda, ndikumakasiya koyaka usiku wonse, osadziwa kuti kutenthetsa ndi magetsi kumadula kwambiri kuposa gasi. Bilu itabwera ndinakhala pansi. Mwezi wotsatira ndinazimitsa zonse n'kumagona ndi jekete, ndipo makoma anachita nkhungu yakuda, ine n'kudwala chifuwa. Njira yabwino ndi kutchera gasi kuti aziyaka maola ochepa m'mawa ndi madzulo, kutsegula zenera kanthawi tsiku lililonse, ndi kutumiza manambala a pamita mwezi uliwonse kuti asamakulipiritseni mongoyerekeza. Jekete ndi nsapato za m'nyengo yozizira musagule ku Lilongwe. Mudzazipeza kuno m'masitolo a mabungwe achifundo ogulitsa kaunjika, zolimba bwino komanso pamtengo wotsika.

Poti mukupita ku England, dziwaninso kuti kuonana ndi dokotala ndi kwaulere, koma mankhwala aliwonse amene wakulemberani ndi £9.90, pamene kuno ku Scotland ndi aulere. Ngati muli ndi matenda ofuna mankhwala mwezi ndi mwezi, monga kuthamanga kwa magazi, gulani chiphaso cholipiriratu cha chaka chonse, chimene mu 2025 chinali £114.50.

A Mwale (Luton): Ine langizo langa ndi lakuti mugule galimoto msanga. Mashifiti ena amayamba 7 koloko m'mawa, Lamlungu mabasi amakhala ochepa, ndipo matakisi amadya ndalama. Layisensi ya ku Malawi imagwira ntchito kuno kwa miyezi 12 kuchokera tsiku limene mwakhazikika.

Naphiri (Leicester): Bambo Mwale, mundikhululukire, apa ndikusiyana nanu. Kwa inu amene mumayendera odwala m'makomo mwawo galimoto ndi khasu lanu, koma namwino wa pachipatala chimodzi angachite bwino kupeza chipinda chapafupi n'kumayenda pansi kapena pabasi. Mtengo wa ulendo umodzi pamabasi ambiri a ku England kunja kwa London sunapitirire £3 mu 2025, ndipo tikiti ya sabata kapena ya mwezi imatsitsanso mtengowo. Galimoto yakale imaoneka yotchipa pogula, koma inshulansi ya munthu amene alibe mbiri yoyendetsa kuno nthawi zina imaposa mtengo wa galimotoyo, ndipo pamwamba pake pali msonkho wa pamsewu, MOT (kuyezetsa galimoto) ya chaka ndi chaka ndi malo oimikapo kuntchito. Komanso miyezi 12 ija ikatha, layisensi yathu sasinthanitsa ndi ya kuno monga amachitira ndi ya ku Zimbabwe kapena ku South Africa. Muyenera kulemba mayeso onse awiri, a malamulo a pamsewu ndi oyendetsa, ndipo pamzere wa mayeso oyendetsa anthu amadikira miyezi.

A Mwale (Luton): Ndavomera, mayi. Ndinayankha poganizira ntchito yanga. Koma ndipemphe kuti ngati a Nambewe akufuna kudzayendetsa, alembetse layisensi yophunzirira miyezi yoyambirira, asadikire kuti chaka chithe. Pa chakudya, ine ndimagula zambiri m'masitolo a Aldi kapena Lidl, ndipo ufa, nyemba, therere ndi nsomba ndimazipeza m'masitolo a amwenye ndi a anzathu a ku West Africa. Ufa wa thumba lalikulu umatchipa mukasonkherana anthu awiri kapena atatu. Kuphika kunyumba n'kunyamula kuntchito kumapulumutsa ndalama yambiri, chifukwa chakudya chogula tsiku lililonse chimaoneka chochepa mtengo koma pakutha pa mwezi chimakwana lendi ya sabata. Ponyamuka mukhoza kutenga usipa kapena utaka wouma, poti malamulo amalola nsomba mpaka makilogalamu 20, koma nyama ndi za mkaka musanyamule, adzakulandani pabwalo la ndege.

Nangondo (Glasgow): Ndibwerere ku nkhani ya abale, chifukwa ndi imene a Nambewe anayambira, ndipo ndi imene imatidwalitsa ambiri mwakachetechete. Visa yathu imaletsa kulandira thandizo la ndalama la boma, ndiye mukadwala nthawi yaitali kapena ntchito ikatha, chokugwirani ndi chimene munasunga nokha. Kuthandiza kwathu ndi udindo wathu, ndipo palibe pano amene angakuuzeni kuti muwataye amayi anu, makamaka mitengo ya zinthu itakwera chonchi chigwereni kwacha mu November 2023. Koma khalani nawo pansi musananyamuke, muwaonetse masamu amene a Naphiri ndi a Chisale alemba apa, muwauze kuti miyezi itatu yoyamba simutumiza kanthu. Pambuyo pake sankhani ndalama imodzi yokhazikika pamwezi, idzere kwa munthu mmodzi wodalirika, ndipo zopempha zonse zizipita kwa iyeyo. Ine sindinachite zimenezi, ndinkayankha foni iliyonse ndi ndalama, ndinayamba kutenga mashifiti owonjezera masiku asanu ndi limodzi pasabata, mpaka ndinagwa ndi kutopa ndili pantchito.

Nambewe (Lilongwe): Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonse m'kope. Ndikaphatikiza dipoziti, lendi yoyamba, chakudya, basi ndi zovala za milungu isanu ndi umodzi, ndikuona kuti ndikufunika pafupifupi £2,000, ndipo panopa ndili ndi theka lake. Mawa ndilembera akuntchito kufunsa za malipiro a ndisanakhoze OSCE, za tsiku lotseka kaundula, komanso ngati amapereka ndalama yoyambira imene angadzandidule pambuyo pake. Loweruka ndipita kumudzi kukakambirana ndi amayi ndi amalume.

Naphiri (Leicester): Funsaninso kuti chipinda chawo mudzakhalamo mpaka tsiku liti, ndipo yankho lake likhale lolembedwa. Mukadziwa tsiku lofika mundiuze, ndili ndi miphika iwiri, mthiko ndi bulangete lochindikala zimene ndikusungirani, kuti zimenezo muzichotse pamndandanda wa zogula.