Genetic algorithm ingathandize kupanga timetable ya sukulu?

Mbewe_ICT:
Muli bwanji nonse. Funso langa lipite kwa amene munachita za kompyuta. Pasukulu pathu pano pa Chipata timetable imatizunguza mutu chaka chilichonse, manje ahedi aiponyera ine ati ndine wa Computer Studies ndiye ndione chochita. Labu ya science ndi imodzi chabe, aphunzitsi ena ali ndi makalasi a mmawa ndi a masana omwe, ena Lachisanu safuna ma period omaliza chifukwa athamangira basi. Ndamva za genetic algorithm, ati kompyuta imapanga ma timetable ambirimbiri nkumasankha yokha mpaka kupeza yabwino. Nzoona zimenezi? Ndingailembe ndekha mu Python kapena ndingotaya nthawi? Laptop yanga ndi nkhalamba, batire inafa kale, ndipo za malaiti mudziwa kale.

Tembo wa ku Katete:
A Mbewe nzoona ndithu ndipo palibe matsenga. Mumayamba ndi ma timetable ngati 200 ongoponya ma period mwachisawawa, onse oipa. Iliyonse mumaipatsa chilango, mphunzitsi mmodzi akapezeka m'makalasi awiri nthawi imodzi mwina 1000, labu ikagundana 1000, nkhani ya Lachisanu ija mwina 5 chabe. Kawerengedwe kameneka ndiye fitness function. Kenako mutenga zija zili ndi chilango chochepa nkuzikwatitsa ziwiriziwiri, Lolemba mpaka Lachitatu kuchokera ku iyi, Lachinayi ndi Lachisanu kuchokera ku inayo, ndiye crossover imeneyo, ndipo apo ndi apo musinthanitsa ma period awiri mosaganiza nkomwe kuti pabwere zatsopano, mutation. Ana abwino atsala, oipa atayidwa, mubwereza mibadwo masauzande. Zili ngati mmene achitira ndi nshawa ku Msekera, malo ofufuzira za ulimi aja, akwatitsa mitundu iwiri, abzala, asankha zobereka bwino nkubzalanso, kungoti iwo adikira mvula ya chaka chamawa pomwe kompyuta mbadwo umodzi sutenga ngakhale sekondi.

Si zatsopano ai. John Holland wa ku University of Michigan anatulutsa buku lake la nkhaniyi mu 1975, ndipo ku Berlin Ingo Rechenberg ndi Hans-Paul Schwefel anali atayamba kale m'ma 1960 ndi njira yawo ya evolution strategies, poyamba ankayesa ndi zitsulo zenizeni mu wind tunnel, chipaipi choombetsamo mphepo poyesa zinthu. A NASA mu 2006 anatumiza ma satellite a ST5 ali ndi antenna yopangidwa ndi njira yotere, kawaya kopindikapindika koti injiniya sangakajambule ndi mutu wake koma kanagwira ntchito. Za malaiti, ikani kuti pulogalamu izisunga timetable yabwino mu fayilo ikatha mibadwo 100 iliyonse, akazima muyambira pomwepo.

Kamnyamata ka Lundazi:
A Tembo mwafotokoza bwino koma pa crossover paja mwawanamiza pang'ono akuluwa. Mukadula masiku choncho mwana atuluka wolumala. Tinene kuti Maths ifunika ma period 6 pa sabata, kholo loyamba linaika 5 kumayambiriro kwa sabata, lachiwiri linaika 4 kumapeto, mwana ali ndi 9 ndipo mwina Civic Education yasoweratu. Ndiye mufunika kulembanso code ina yokonza ana, ndipo pamenepo mpomwe anthu ambiri amagwa ulesi. Vuto lina, ikapezeka timetable imodzi yooneka bwinoko imabereka maningi mpaka gulu lonse lifanana nayo, chilango chiima pamodzimodzi osatsikanso ngakhale muisiye usiku wonse, pamenepo muyenera kukweza mutation kapena kuyambiranso.

Ine ndingati ngati chofuna ndi timetable ya term ikubwerayi, tsitsani FET, pulogalamu yopangira ma timetable, ndi yaulele ndipo siifuna intaneti mukaika. Anailemba Liviu Lalescu wa ku Romania, ndipo chosangalatsa nchakuti poyamba inkayenda ndi genetic algorithm yomweyi koma mu 2007 anaisiya nkuika njira ina yosinthanitsa ma period monga achitira munthu pa bolodi, chifukwa ndi imene inali yachangu ndiponso inkatha ma timetable ovuta. Munthu amene anakhala pa vuto lomweli zaka zambiri anasiya, inu muganize.

Amai Zulu DH:
Ana inu mukamba za code, ine ndapanga ma timetable ndi pensulo ndi labala zaka zambiri. Manambala aja a chilango, 1000 uyu 5 uyu, aika ndani? Kompyuta sidziwa kuti amai ena ali ndi khanda afunika kupita kukayamwitsa pa break, kapena kuti Grade 12 Maths ukaiika dzuwa litakwera mu October ana angogona. Mukapanda kuiuza izipanga zomwezo ndipo iziti zili bwino. A Mbewe khalani pansi ndi ahedi ndi ma HOD mugwirizane choyamba chofunika nchiti, mulembe papepala asaine, apo ayi mu staffroom adzati munakondera anzanu a Lachisanu.

Mbewe_ICT:
Zikomo amai, la pepala losaina ilo ndalimva. FET ndiyesa. Koma a Tembo, mtima ukadali pa genetic algorithm, ndimafuna ndiwaonetse ana a JETS, kalabu ya sayansi ija yopita ku mipikisano, kanthu koyenda. Tiyambire pati posavuta?

Tembo wa ku Katete:
Kamnyamata kanena zoona pa crossover, sinditsutsa, koma FET kusiya sikutanthauza kuti njirayo ndi yachabe, imafuna vuto loyenera. Kwa ana yambani ndi ka Canter kogawa katundu m'mashopu 12 kuchoka pa Kapata market nkubwerera. Ndondomeko zoyendera mashopu 12 zilipo 479,001,600, mukawonjeza atatu okha zipitirira 1 trillion, ndiye ana aona okha chifukwa chake kuyesa zonse nkosatheka. Fitness ndi makilomita chabe, palibe ndale. Ku Python kuli DEAP, code yolembedwa kale ya genetic algorithm, ili ndi crossover yosunga ndondomeko kuti shopu isabwere kawiri, kapena ngati Python ivuta, Solver ya mu Excel ili ndi njira yotchedwa Evolutionary. Ajambule graph ya makilomita akutsika mbadwo ndi mbadwo, imagwa msanga poyamba kenako ikwawa. Akazolowera muwaonetse NEAT ya Kenneth Stanley ya 2002, imene imabereketsa ma neural network, timapulogalamu totengera mmene ubongo ugwirira ntchito, anthu amaphunzitsira nayo kompyuta kusewera timagemu popanda kuiuza malamulo.

Kamnyamata ka Lundazi:
Ndipo muithamangitse kangapo ndi random seed yosiyana, nambala imene kompyuta iyambira poponya zachisawawa, yankho lizisintha. Ma judge akafunsa ngati njirayo ndiye yaifupi kuposa zonse, ana asalumbire, angoti ndi yaifupi mwa zimene yapeza. Pa mashopu 8 angathe kuyesa zonse 40,320 nkufananiza, akaona yagwirizana ndiye akwere pa 12.