Kodi "akagonera" wa m'mwambi wa mawu a akulu amatanthauza chiyani?

Wamakaseti: Abale, ndithandizeniko. Malume anga safuna kumvera nyimbo pafoni, amakonda wailesi yawo ya kaseti, ndiye ndimawajambulira kuchokera pakompyuta. Waya amachoka pakompyuta kukalowa pa line in (polowera mawu) ya makina a kaseti, ine n'kumayang'anira kuti singano isamakhalitse pofiira, chifukwa ikatero mawu amaphwanyika. Ndawadzazira kaseti ya C90, mphindi 45 mbali iliyonse. Popereka ndinati, "Malume, isungeni kaye, paja zikoma zikagonera." Iwo anangoti, "Mwambiwo ndi wa mawu a akulu, ndipo kugonera si kusunga chinthu m'kabati." Kufotokoza sanafune. Nanga kugonera n'kutani kwenikweni?

Mayi wa Atsikana: Agogo anga aakazi ankaunena mwambiwu ukabwera ndi bala. Akuletsa kukwera mumtengo, iwe wakwera, wagwa. Sankakalipa ayi. Ankangotsuka balalo uku akunena motsitsa kuti, "Mawu a akulu akoma akagonera." Mpaka lero ndikaumva mwambiwu ndimamva bondo kuwawa.

Bambo Wopuma: Amene amagona apa ndi akuluwo, mawu sagona. Munthu wamkulu akamwalira timati wagona. Ndili ndi kaseti imene tinawajambula agogo akutilangiza. Ali moyo tinkaiseka kasetiyo, tinkafuna kuifufuta kuti tijambulepo nyimbo. Mchemwali wanga ndi amene anathyola timano tiwiri tapamwamba tija kuti wina asajambulenso. Lero tikaiika aliyense amakhala chete. Mawuwo anakoma eni ake atagona.

Wamawaya: Za mwambi ndisiyira akuluakulu, koma achimwene Wamakaseti, malume anu akunena zoona pa tepiyo. Tepi ikakhalitsa osaseweredwa sikoma. Imakhala yokulungana, ndipo maginito a pamzere umodzi amadindikira pamzere woyandikana nawo. N'chifukwa chake pa makaseti akale umamva nyimbo ikuyamba chapansipansi isanayambe yeniyeniyo. Kutentha kumawonjezera vutoli, ndipo kaseti ya C120, ya mphindi 60 mbali iliyonse, ndiye yovutitsitsa chifukwa tepi yake ndi yopyapyala. Auzeni malume aziisewera, asaisiye padzuwa kapena pafupi ndi sipika. Inunso musanajambule muzipukuta mutu wa makinawo, pamene tepi imakhudza, ndi kathonje konyowetsa ndi spiriti wa isopropyl, ndipo muzidikira kaye kuti kachigawo koyera kakumayambiriro kadutse, pajatu sipajambulika kanthu.

Mphunzitsi wa Chichewa: Bambo Wopuma, ndikuona pamene pakuchokera maganizo anu. "A" wa m'mawu oti "akagonera" amagwirizana ndi "mawu", amagwirizananso ndi "akulu". Koma akanakhala kuti akunena za imfa akanati "akagona". Kugonera ndi kukhala mpaka kucha, kupyola usiku. Amagonera ndi mawuwo, m'mutu mwa amene anawakana.

Bambo Wopuma: Aphunzitsi, galamala ndi yanu, sindikutsutsani. Koma ndiuzeni, ndani anayamikirapo malangizo a wamkulu mwini wake ali pompo? Timadikira apite.

Mayi wa Atsikana: Ine ndinayamikira agogo ali moyo, bambo. Bala lija silinadikire maliro.

Nachisale wa Kutali: Mayi awo a mayi anga ankawonjezera kuti "akagonera chaka". Iwo ankati mawu a munthu wamkulu amawawa tsiku limene anenedwa. Ankandiletsa kubwereketsa zinthu zanga mwachisawawa, ine n'kumati ndi ouma mtima. Makaseti anga onse amene ndinajambula usiku, chala chili pa pause kudikira kuti woulutsa asiye kulankhula, anapita ndi anthu obwereka. Sanabwerenso.

Bambo Wopuma: Ndipo munawakumbukira liti mawuwo, mayi? Si atapita kale?

Nachisale wa Kutali: Ayi, analipo. Anandiona ndikulira.

Wamakaseti: A Wamawaya, zikomo. Nanga batani la Dolby ndizilitsegula? Ndipo makaseti ena alembedwa Type II.

Wamawaya: Dolby B imachepetsa kaphokoso ka "sss" kaja, koma ngati wailesi ya malume ilibe Dolby, jambulani osatsegula, apo ayi mawu adzamveka akuthwa kwambiri. Type I ndi tepi wamba, Type II ndi ya chrome, imafuna makina oidziwa. Pa wailesi wamba Type I ikwanira. Kaseti imayenda masentimita 4.76 pa sekondi kuyambira pamene kampani ya Philips inaitulutsa mu 1963, ndiye palibe chidule, mphindi 45 muzikhala nazo zonse.

Mayi wa Atsikana: Kukhala pansi mphindi 45 kumeneko ana a masiku ano sangathe. Nyimbo isanafike pakati adumphira ina. Mwambi ukayamba kuunena akuti, "Masteni, fupikitsani." Masteni! Ine agogo akanandimva ndikutchula mayi anga choncho sindikanagona m'nyumba.

Mphunzitsi wa Chichewa: M'kalasi ndikafunsa tanthauzo la mwambi amandipatsa la m'buku, liwu ndi liwu, koma sadziwa nthawi youtchulira. Chimandipweteka n'chimenecho. Mwambi uli ndi mwini wake komanso nthawi yake. Uwu amanena ndi wamkulu kwa mwana, mavuto atachitika kale. Mwina malume anu chinawakhudza n'chakuti mphwawo ndi amene akuwauza iwo.

Mnyamata wa Foni: Pepani makolo, koma mumatinena kwambiri. "Madala" ndi "masteni" sitinyoza, ndi mmene timalankhulira. Miyambiyo anatiphunzitsa ndani? Inu mumaitchula pokhapokha mukakwiya. Ndipo onani, amene akuvutika ndi mawaya kuti malume ake amve nyimbo ndi wachinyamata mnzanga.

Bambo Wopuma: Mwana wanga, wanena bwino, koma dikira. Tsiku lina udzafuna mawu a madala akowo, ndipo udzawafuna iwo atagona. Ndi zimene ndikunena kuyambira poyamba.

Mphunzitsi wa Chichewa: "Atagona", bambo, mwanena nokha. Mwambi ukuti "akagonera".

Wamakaseti: Ndikawafunsanso malume Loweruka, ndikamakawapatsira kaseti ina. A Wamawaya, nyimbo yomaliza ya mbali A ikumadukira pakati. Ndizisiya mpata wautali bwanji kumapeto?