Gulu la banja: za sukulu ya Tadala

Amalume Yosefe: Mwaswera bwanji nonse. Zoti Tadala wasankhidwa kukaphunzira udokotala tamva kale. Zatsala ziwiri: ntchito ya unamwino asiye kapena ayi, komanso mwana akhala ndi ndani. Alongo, yambani ndinu.

Azakhali Nelia: Asasiye, angochepetsa. Zaka zoyambirira ndi za m'kalasi ndi mu labu, kuphunzira za thupi la munthu, matenda ndi mankhwala: anatomy, physiology, biochemistry, kenako pathology ndi pharmacology. Izi zimadya masana a Lolemba mpaka Lachisanu. Shifiti ya maola 12 azigwira kumapeto kwa sabata, imodzi, zikavuta ziwiri. Zitatu ayi.

Tadala: Azakhali, ine ndimaganiza zotenga manaiti okhaokha, kukacha n'kumalowa m'kalasi.

Mphatso: Iyayi achemwali, pamenepo ndiye pogwera ambiri. Munthu akatha maola 17 osagona, mutu umayenda ngati wa amene walawako mowa. Chachiwiri, zomwe mwawerenga zimakhazikika m'mutu mukagona. Mafupa 206, mitsempha 12 yochokera mu ubongo, uliwonse kumene ukudutsa ndi ntchito yake, simungazisunge mukusinza. Ndipo kutopako mubwerera nako ku wodi, kukawerengera dozi ya mwana pa kilo. Kadontho kamodzi ka pa nambala ya dozi kakasuntha, mankhwala achuluka kakhumi.

Azakhali Nelia: Ngati naiti ndi yosapeweka, ikhale ya Lachisanu. Loweruka agone maola osachepera 6, chipinda chamdima, foni yozimitsa. Khofi asiye pakati pa usiku, chifukwa pakatha maola pafupifupi 5 theka lake limakhala likadali m'magazi.

Mlamu Esnati: Ndiye mwana ndizimutenga Lachisanu madzulo, ndizimubweza Lamlungu masana. Sabata ya mayeso azikhala kwanga yonse.

Amalume Yosefe: Zikomo mlamu, ndalemba.

Mphatso: Koma amalume, phiri lili kutsogolo. Akayamba zaka za m'chipatala azizungulira madipatimenti: za matenda a akulu, za maopaleshoni, za ana, za amayi oyembekezera, za matenda a maganizo. Raundi yoyendera odwala imayamba m'mawa, pali masiku a call okhala tcheru kuchipatala ngakhale usiku, pali logbook yofuna siginecha pa chilichonse chomwe wachita. Ukajomba masiku angapo, gawo lonselo umabwereza ngakhale mayeso olemba utakhoza. Nthawi imeneyo shifiti ya unamwino ndi ya patchuthi basi.

Azakhali Nelia: Ndiye kuti malipiro ake adzatsika pomwe zofunika zikukwera. Thumba tiyambe panopa, osadikira.

Amalume Yosefe: Makomo ndife asanu. Khomo lililonse liziponya mwezi ndi mwezi, ndalama isakhudzidwe mpaka alowe m'mawodi. Asunge ndi Esnati, potapa tizivomereza awiri.

Tadala: Ndathokoza kwambiri. Koma zam'wodi sindikuziopa, kanula ndi katheta, timapaipi ta dripi ndi ta mkodzo, ndimaika tsiku lililonse.

Mphatso: Manja muli nawo, palibe angatsutse. Koma pa OSCE, mayeso opima wodwala pamaso pa aphunzitsi, adzakupatsani mphindi zochepa kuti mufunse wodwala mbiri ya matenda mwadongosolo, mumupime, mutchule matenda atatu kapena anayi omwe mukuwaganizira, ndi chifukwa chake. Namwino wozolowera amathamangira yankho chifukwa waziona kambirimbiri, n'kulumpha masitepe, mamalikisi n'kumathothoka.

Azakhali Nelia: Ndipo usasakanize zipewa, mwanawe. Ukavala yunifolomu ya unamwino sulembera wodwala mankhwala ati poti waphunzira pharmacology. Ukalowa ngati wophunzira, sugwira tebulo la mankhwala, ngakhale wodi itachepa anthu. Chikalakwika, laisensi yako ndiyo imayankha. Laisensiyo uziikonzanso pa nthawi yake, isathe.

Mlamu Esnati: Nanga kuntchito akudziwa?

Tadala: Sindinawauze.

Azakhali Nelia: Lemba kalata sabata ino, rosita ya mwezi wamawa isanatuluke. Ngati akupatsa tchuthi cha maphunziro cholipidwa, werenga bwino zaka zomwe akukumanga kuti udzawagwirire ukamaliza. Usasayine ndisanaione.

Tadala: Chabwino azakhali, ndikutumizirani Lachitatu.