Kodi kunenepa kwambiri kungafooketse ubongo wa wachinyamata?

Abale, makamaka inu odziwa zachipatala, ndithandizeniko nzeru.

Mng'ono wanga ali pasukulu ya ukachenjede. Thupi lakula moti BMI yake (nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake) yapitirira 30, mlingo umene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wanenepa mopitirira muyezo. Masiku ano akudandaula kuti akawerenga zinthu sizikumulowa, akuiwalaiwala, masana amangosinza.

Ndikudziwa kuti ofufuza amapeza kuti achinyamata ena onenepa kwambiri amavutikirapo kuika maganizo pa chinthu chimodzi komanso kudziletsa. Koma chimayamba n'chiti? Kodi mafutawo ndiwo amasokoneza ubongo, mwina chifukwa insulini (imene imathandiza thupi kuchepetsa shuga m'magazi) sikugwira bwino ntchito, kapena munthu wovutika kale kudziletsa ndiye amanenepa? Ineyo ndikukayikira kwambiri tulo. Mng'ono wangayu amaliza mkonono koopsa, nthawi zina mpweya umachita kuima ali m'tulo, ndipo munthu wosagona bwino mutu sugwira, kaya ndi wonenepa kaya wowonda.

Ndiye tiyambire pati, kukayezetsa shuga kapena za tulozo? Akachepetsa thupi, kukumbukira kumabwereramo? Komanso ndimuuze bwanji osamuchititsa manyazi, poti nkhani ya thupi lake safuna n'komwe kuimva?